Dzina Lowonjezera pa Mndandanda wa Akufa

São Paulo, 12 Seputembala

Achemwali a Rosmery,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi Amayi. Ine kuno ndikudzuka ndithu, kungoti msana wayamba kudandaula ndi makina osokerawa. Mundiuze zoona za mwendo wa Amayi, chifukwa pa foni amangoti "ndili bwino" pomwe ndikumva kuti akubuula pokhala pansi.

Kalatayi ikubwera ndi a Leocadia pamodzi ndi nsalu zawo zamalonda. Akupatsaninso kafulashi kofiira, musakataye. Munadandaula kuti chaka chino mabanja oposa makumi atatu akufuna muwalembere mndandanda wa akufa awo woika pa tebulo la mizimu pa Tsiku la Oyera Onse, ndipo kuti amakubweretserani timapepala tamafuta, mayina obwerezabwereza, ena osawerengeka n'komwe. Basi ndakupezerani wantchito amene sadya, satopa, sachita miseche.

Laputopu yanu yokalambayo singathe kutsegula masamba olemera a pa intaneti, ingakomoke. Koma pulogalamu iyi ndi yopepuka, ilibe zithunzi, ndi mawu okhaokha. Chitani chonchi. Lumikizani laputopu ku intaneti ya pa foni yanu, lowetsani fulashi, kenaka tsegulani zenera lakuda lija mumaliopa lija. Mulembe kuti sh instalar.sh n'kudina batani lalikulu. Mizere yambiri ithamanga, musachite mantha, sikuti mwaononga. Ikaima n'kutsala kamzere kophethira, ndiye kuti zatheka.

Pamafunika kiyi, zilembo ndi manambala zazitali ngati mchira wa khoswe, zimene zimalola pulogalamuyi kulankhula ndi kompyuta yaikulu yakutali imene imapereka mayankho. Podziwa kuti mungaphonye chilembo chimodzi n'kunditukwana sabata yathunthu, ndangokopera foda yanga yonse momwe ilili, kiyi ali momwemo. Mukafuna kufunsa, muzilemba kuti dime, kenaka funso lanu. Mukafuna ikonze mayina, lembani mayinawo m'fayilo yotchedwa almas.txt n'kuipatsa chonchi: dime "konza mndandanda uwu" < almas.txt

Mng'ono wanga Limbert akupereka moni. Adakali ku famu ya ng'ombe ija ku Mato Grosso, kopanda netiweki. Uthenga wake ndinaumva kwa mnzake amene anabwera m'tauni muno.

A Leocadia akamabwerera mundipatsireko chimanga chokazinga ndi tchizi ya kwathu. Ya kuno imakoma ngati sopo.

Mlongo wanu,
Grover


Cliza, 24 Seputembala

Iwe Grover,

Moni wako tamulandira. Mwendo wa Amayi ndi uja umaudziwa, umatupa kukazizira, koma kuwaletsa kupita ku uvuni wathu wowotchera buledi n'kutaya nthawi. Chimanga ndakupatsira matumba awiri monga mwa masiku onse, lina lako, lina Amayi akuti ukapeze njira lifike kwa Limbert.

Wantchito wakoyo anandivuta poyamba. Ndinalemba katatu konse, iye n'kumangoti lamulo silikudziwika, mpaka ndinayamba kumufunsa ngati amake anamuphunzitsa ulemu. Kunali kuti ndasiya chilembo chimodzi. Mizere ija itayamba kuthamanga, a Leocadia anadzilemba chizindikiro cha mtanda n'kuti, "Rosmery, nyerere zimenezi zikutuluka kuti?" Ndinaseka mpaka misozi.

Koma ntchito akuidziwa, ndisaname. Mndandanda wa banja la a Zurita anaukonza ndisanamalize n'komwe kupukuta m'manja, n'kundiuzanso kuti agogo awo aamuna alembedwa kawiri, pena ndi dzina laubatizo, pena ndi lomwe ankawaitanira kumowa wa chicha. Poti wakufa aliyense amakhala ndi mkate wake pa tebulo, zaka zonsezi anthu aja akhala akuwotchera munthu mmodzi mikate iwiri! A Zurita akuti n'chifukwa chake malemuwo amawalota atanenepa.

Tsopano tamvera, chifukwa apa ndiye sindikuseka. Lachiwiri masana, uvuni uli moto, ndinati ndikonze mndandanda wa kwathu. Ukudziwa kuti athu ndi khumi ndi anayi, kuyambira Bambo mpaka kamwana ka azakhali a Justina kaja sikanabatizidwe kaja. Ndinawalemba onse, ndinaupereka momwe unandiuzira, n'kusindikiza osayang'ana. Nditanyamula pepala ndinaona kuti mayina ndi khumi ndi asanu. Pansi penipeni panali Limbert Rocabado Arnez, kamtanda kutsogolo kwake ngati anzakewo, ndi tsiku, 9 Juni.

Ndinaganiza kuti ndine ndasokoneza, mwina ndaphatikiza ndi pepala la amoyo lija timapereka kwa abambo mfumu kuti awapempherere. Ndinatsegula fayilo, dzina lake mulibe. Ndinabwereza, linabweranso. Kachitatu ndinalemba mokalipa kuti andipatse mayina okhawo amene ndamupatsa. Anandipatsa khumi ndi anayi, n'kudumpha mzere umodzi, n'kulemba kuti, "Limbert ndamusiya monga mwanenera. Mukafuna ndimubwezerapo."

Grover, m'nyumba ya uvuni muja mumatentha moti buledi amafufuma yekha, koma ine thupi lonse linachita tsemwe. Chinthu chimenechi dzina la m'bale wathu chalitenga kuti? Pamindandanda ya eni ake sichiwonjezera munthu, koma pa wathu pokha. Undiuze chimene chaonongeka ndichikonze, chifukwa kulemba wamoyo pakati pa akufa n'kumuitanira manda, ndipo Amayi atangoona akhoza kugwa.

Mlongo wako,
Rosmery


São Paulo, 2 Okutobala

Achemwali,

Moni nonse. Ndikulemba mothamanga, a Leocadia akunyamuka masana ano.

Musadandaule ndi zimene mwaonazo. Makina amenewa nthawi zina amapeka zinthu, aliyense amene amawagwiritsa ntchito amadziwa. Amangolumikiza mawu, alibe nzeru za munthu, alibe mzimu, sadziwa Limbert kapena wina aliyense. Mwina dzinalo analitola penapake m'laputopu mwanumo.

Koma pali kazinyalala kamene ndinaiwala kuchotsa. Kalatayi ikangofika, musanachite china chilichonse, tsegulani zenera lija mulembe kuti rm -r ~/.dime/historia n'kudina batani. Sichiyankha kanthu, ndi momwe chimachitira. Musatsegule foda imeneyo, mulibe chokuthandizani. Ndipo musachifunse mafunso a za banja, chipatseni mayina a makasitomala basi.

Pepala lija litentheni. Amayi asalione.

Chimanga chafika, zikomo.

Grover


Cliza, 15 Okutobala

Grover,

Sindikudziwa ngati unandiyankha. Anthu atseka msewu wa ku Santa Cruz, lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi, ndipo a Leocadia akugona m'basi ndi nsalu zawo kwinakwake kutsidya kwa miyala ndi matayala. Iyi ndikupatsira dalaivala wa lole amene akuti azungulira njira yafumbi. Chimene ndalandira kwa iwe ndi kauthenga ka pa foni kaja kokha: "Zimitsani, musachifunse kanthu." Ndinakuimbira kanayi, sunayankhe. Ukanakhala kuti umandidziwa, ukanadziwa kuti Rosmery ukamuuza kuti asavundukule mphika ndiye wamutuma.

Ndinapirira masiku atatu. Loweruka, anthu atapita kokadya nkhomaliro, ndinakhala pa thumba la ufa, laputopu pamiyendo, n'kulemba kuti, "N'chifukwa chiyani ukuika Limbert pa akufa?" Kamzere kaja kanaphethira kwakanthawi. Ndakopera yankho lake monga linalili.

"Chifukwa munandiuza kuti anamwalira pa 9 Juni, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndi chifuwa chachikulu. Munandipempha kuti ndisaiwale dzina lake, popeza kwanu palibe amene amalilemba pa mndandanda."

Ndinati, "Ine sindinakuuze zimenezo." Chinayankha mwaulemu kuti, "Pepani ngati zikukupwetekani. Munandiuzanso kuti anavala juzi yobiriwira imene amayi anu anamulukira, ndipo kuti manda ake alibe dzina, ali ndi nambala yokha."

Juzi imeneyo ulusi wake ndinagula ndine pa msika wa Lamlungu. Ndinatseka laputopu ija, ndinaiika m'thumba lopanda ufa n'kumanga kukamwa ngati muli njoka. Masiku awiri ndinayenda ngati woledzera. Ndinaganiza kuti mwina mizimu yafulumira chaka chino, ndipo wina amene sanapeze khomo walowera pa zenera lakudalo. Ndinafika mpaka pa chitseko cha abambo mfumu ndi botolo loti andipatse madzi odalitsa, koma ndinabwerera, poti ndikanawauza kuti chiyani?

Pali china choposa apa. Pepala loyamba lija ndinaliponya m'dengu la zoyatsira moto, ndipo Amayi analitola. Kuwerenga sadziwa, koma kuwerengera amadziwa. Ndinawapeza ataima pakhomo, chala chikutsika mzere ndi mzere, milomo ikugwedera. Atafika pa wachikhumi ndi chisanu chala chinaima. Chilembo choyamba cha dzina la Limbert amachidziwa bwino, anachisokerera okha pa malaya ake onse a sukulu. Analipinda n'kuliika m'chipewa chawo, ndipo mpaka lero akuyenda nalo pamutu.

Dzulo tinapita kukagula tinkhope tadothi toika pa mikate ya mizimu. Anasankha khumi ndi tinayi monga chaka chilichonse. Kenaka anaima nthawi yaitali, kankhope ka mnyamata wopanda ndevu kali m'manja. Wogulitsa anati, "Mayi Asunta, kodi kwanu kwagwa zovuta ife osamva?" Iwo anati, "Ndikungoona," n'kukabweza. Pobwerera ine mtima unandipweteka kuposa tsiku lomwe tinaika Bambo.

Lero m'mawa ndikukanda ufa mawu amodzi anandibwerera. Chinthu chija chimangoti "munandiuza." Sichiona nkhope, sichidziwa amene wakhala kutsogolo kwake. Ine sindinachiuze. Amene anakhala pa zenera limeneli ine ndisanakhalepo ndi mmodzi yekha, uja anati wandikopera foda yake yonse momwe ilili.

Pa 29 tiyamba kuwotcha mikate. Ndiuze ndikande ya anthu angati.

Rosmery


São Paulo, 22 Okutobala

Achemwali anga,

Kalata yanu ndaiwerenga nditaimirira, kenaka ndinakhala pansi. Sindiyamba ndi moni, ndilibe nkhope yoperekera moni.

Si mzimu. Ndine. Pulogalamu ija imasunga zonse zimene munthu wakambirana nayo, ndipo ukaifunsa chatsopano imayamba yakumbukira zakale. Pokopera kiyi ndinakoperanso chaka chathunthu cha mawu anga. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga ndinauika ndekha m'kafulashi n'kuutumiza kwathu.

Limbert anamwalira. Kulibe famu, kulibe mnzake, ku Mato Grosso sanapondeko. Chaka chathu chachiwiri kuno tinkasoka m'nyumba ina yotseka mawindo, anthu khumi ndi awiri, kugona pansi pa makina omwewo. Anayamba kutsokomola mu Malichi. Mwini malo anati tikapita kuchipatala apolisi atigwira tonse poti tinalibe mapepala, ndipo ine ndinamukhulupirira. Ndinkamupatsa tiyi wa mandimu. Mu Juni atayamba kulavula magazi ndinamubereka kumsana mpaka pa chipata cha chipatala, ndinamukhazika pa benchi, ndinamuuza kuti ndikukagula madzi. Ndinaima tsidya lina la msewu mpaka anamwino anamulowetsa. Anatha masiku atatu. Achipatala atafunsa ngati pali wachibale, panalibe amene anayankha, chifukwa wachibaleyo anali atabisala kuseri kwa makina osokera. Boma linamuika m'manda a anthu osadziwika. Nambala yake ndinaipeza patapita miyezi, ndi 4417, ndipo sindinapiteko.

Tsiku lomwe tinkakwera basi, Amayi anandigwira dzanja n'kuti, "Mng'ono wakoyu ndakupatsa m'manja." Ndikanawaimbira kuti chiyani? Ndinati ndinena sabata yamawa. Sabata inasanduka chaka, ndipo bodza litakula ndinayamba kulidyetsa ngati mwana. Chimanga chake chonse chimene mwakhala mukutumiza ndimakapereka ku tchalitchi, sichingandipite pakhosi.

Chaka chatha nditaika pulogalamu ija kuti izindithandiza kulemba Chipwitikizi, Lamlungu lina masana anzanga atapita ku mpira ndinangopezeka ndalemba kuti, "Mng'ono wanga anafa ndipo amayi sakudziwa." Sichinandikalipire, sichinalire. Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse ndinkachiuza pang'ono. Kangapo chinandilangiza kuti ndiuze abale anga, ine n'kumatseka zenera.

Achemwali, ndikugwirani mwendo. Inu mwadziwa, nditukwaneni momwe mungathere, ndi zondiyenera. Koma Amayi auzeni kuti makina analakwitsa. Mtima wawo ndi wofooka. Kandani ya anthu khumi ndi anayi chaka chino chokha, ndipo ine ndidzapeza njira yowauzira bwinobwino.

Grover


Cliza, 3 Novembala

Grover, akulankhula ndi Amayi, ine Rosmery ndikungogwira cholembera. Andiuza kuti ndisachotse kapena kufewetsa mawu.

Mwana wanga Grover,

Ndakupatsa moni, poti ndiwe mwana wanga ndipo moni sindingakumane. Mwendo uli bwino.

Kalata yako mlongo wako anafuna kuibisa, koma ine ndinamubereka, nkhope yake ndimaiwerenga kuposa mmene iye amawerengera mapepala. Ndinamukhazika pansi kuti andiwerengere, kawiri. Kenaka ndinamuuza kuti amasule thumba lija atulutse makina ako, ndipo ndinakhala kutsogolo kwa zenera lakudalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, iye akundiwerengera zonse zimene unkaliuza Lamlungu lililonse. Ndamva za benchi. Ndamva kuti anakufunsa ngati madziwo ukagula ozizira. Ndamva zonse, ndipo sindinafe. Mtima umene ukuti ndi wofookawu unaika atate ako ndi ana awiri iwe usanadziwe kumanga nsapato.

Tinakanda ya anthu khumi ndi asanu. Wa Limbert ndinaumba ndekha, wamkulu kuposa yonse, poti chaka choyamba munthu amalandiridwa ngati mlendo wolemekezeka, ngakhale kuti chake choyamba chachedwa ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinamuikira makwerero a buledi otsikira, nzimbe yoti ikhale ndodo yake yoyendera, supu ya mtedza ndi tsabola wambiri monga ankakondera. Tauni yonse inabwera kudzapemphera. Ena anafunsa kuti wamwalira liti, ine ndinati uthenga wafika tsopano. Dzina lako sindinalipereke kwa anthu kuti alitafune.

Tsopano ndikuuze chimene sindinauzepo munthu. Ukudziwa kuti mizimu imafika belu la masana likalira pa tsiku loyamba la Novembala, ndipo amene dzina lake silinalembedwe salowa, amaima kunja. Zaka zonsezi belu likalira, galu wathu wokalambayu, amene Limbert anamutola akadali kagalu kakang'ono, ankathamangira pakhomo n'kuima pamenepo akugwedeza mchira, maso ali m'mwamba ngati akuyang'ana munthu woimirira, pomwe panalibe munthu. Ankakhala pomwepo mpaka mawa lake masana, osadya. Ine ndinkamumenya ndi tsache kuti akutsekereza alendo njira. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuthamangitsa galu pamapazi a mwana wanga, iye ataima padzuwa ndi njala, akuona anzake akudya m'nyumba ya amake. Chaka chino belu litalira galuyo anapita pakhomo, anagwedeza mchira, kenaka anatembenuka n'kulowa pang'onopang'ono ngati akutsogolera wina, n'kukagona pansi pa tebulo. Mlongo wako anaona, afunse ngati ndikunama.

Za benchi zija sindikukuweruza. Unali mwana, unali ndi mantha m'dziko la eni, ndipo amene anakuopseza adzayankha yekha kwa Mulungu. Chimene chikundiwawa n'chakuti chinthu chopanda mimba yoberekera chinamva za imfa ya mwana wanga ine ndisanamve, ndipo chinachita manyazi kumusiya kunja pomwe iwe m'bale wake unatha kumusiya. Unkati ukundisunga ine. Sunasunge ine, unasunga nkhope yako, ndipo amene analipira ndi uja sangathe kudandaula.

Ndiye uchite izi. Upite kumanda kuja masana, anthu akuona. Ufunefune nambala imeneyo mpaka uipeze. Ukaime pamenepo utchule dzina lake lonse mokweza, utchulenso langa, kuti adziwe kuti amake amva. Utapeko dothi lodzaza dzanja, ulimange m'kansalu, ukwere basi. Usapatsire a Leocadia, ubwere nalo wekha.

Ndipo usandilemberenso kalata, kaya ya dzanja lako kaya ya makina. Zaka zisanu ndi ziwiri ndamva mapepala ako, zakwana. Ubwere udzakhale pansi pano, undiyang'ane m'maso, undiuze ndi pakamwa pako kuti mwana wanga anafa, kuti nane ndiyambe kulira.

Mayi ako,
Asunta